Choki ya mu tiyirumu ya Che Saidi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wailesi ya bambo anga. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo podikira zotsatira ndinkangokhala pakhomo ku Katoto, kusesa, kuchapa ndi kulemba m'kabuku kanga. Kabuku kolembamo za tsiku ndi tsiku ndinayamba kusunga ndili Fomu 1. Ndinkalembamo ndi pensulo, chifukwa bolopeni inali ya kusukulu.

Kwathu ndi ku Dedza. Ku Mzuzu tinabwera chifukwa bambo, amene ndi kalaliki wa boma, anawasamutsira kuno. Chinali chaka chija munthu ankayamba wacheukira kumbuyo asanatchule mawu akuti matipate. Makalata otsutsa boma ankayenda m'matumba a majekete, ndipo aliyense ankadziwa kuti pa anthu asanu ocheza pamodzi pakhoza kukhala mmodzi wokanena anzake.

Tsiku lina m'mawa bambo anakulunga wailesi m'chitenje cha mayi n'kundipatsa.

"Pita nayo kwa a Gondwe ku Luwinga. Ukangoti yasiya kulira bwino. Zina usakanene."

Shopu ya a Gondwe inali chipinda chimodzi chodzaza mawailesi, mamota a zigayo ndi matransifoma opsa. Munkanunkha vanishi ndi phula. Eni akewo anali bambo wa imvi amene anaphunzira za magetsi ku migodi ya ku Zambia, ndipo magalasi awo anali omangidwa ndi waya wa kopa. Atamasula chitenje chija sanayambire pa mabatire kapena pa sipika. Anayamba ayang'ana singano yosonyeza siteshoni. Inali kumapeto, kumene kumamveka mawailesi akunja. Anandisuzumira pamwamba pa magalasi, kenako anatsegula kumbuyo kwa wailesiyo.

"Koyilo iyo yaduka," ndinatero, ndikuloza kawaya kozengedwa pa kandodo kakuda.

"Wamanya uli kuti ni koyilo?" anandifunsa m'Chitumbuka.

"Tinaphunzira kusukulu. Mukazenga waya n'kumayendetsa maginito pafupi, m'wayamo mumabwera magetsi."

"Ukaimika maginitoyo?"

"Magetsi amatha."

Anatenga koyilo yopsa pa benchi n'kundiponyera. "Masula iyi, uwerenge kuti waya wazungulira kangati."

Ndili mkati mowerenga anayamba kundifunsa mafunso. Dzina langa ndani, kwathu n'kuti, bambo amagwira ntchito mu ofesi iti, amacheza ndi yani. Ndinkayankha pakamwa ndikuwerenga mumtima. Nditamaliza ndinati 312. Anatembenuza kakatoni kamene anali atakabisa pansi pa chikhatho, ndipo panalembedwa 312. Maso awo anali atafooka, waya wopyapyala sankauonanso bwino, ndipo ankasowa munthu womazenga makoyilo.

"Ubwere Lolemba, NyaPhiri," anatero, akunditchula mwa Chitumbuka. Ndili panjira yobwerera kunyumba ndi pamene ndinazindikira kuti mafunso aja sanali ongofuna kundisokoneza powerenga.

Asanandibwezere wailesi anapotoza singano ija mpaka inafika pa siteshoni ya boma.

"Lamulo loyamba la shopu ino ndi ili. Wailesi isanakwere pashelefu kapena kutuluka pakhomo, singano ibwerere apa. Pamene waipeza ikuloza, iwe sunapaone."

Ntchito yozenga makoyilo ndinaikonda kuyambira tsiku loyamba. Makina athu anali drilo ya pamanja yomangidwa pa vaisi, yokhala ndi kowerengera kamene a Gondwe anachotsa mu mita yakale ya magetsi. Transifoma yopsa ikabwera, ndinkayamba ndachotsa zitsulo zake zopyapyala, zina zooneka ngati E zina ngati I, n'kuzisanja bwino. Kenako ndinkamasula waya wopsayo ndikuwerenga, kusankha waya watsopano wonenepa chimodzimodzi, ndi kuyamba kuzenga pa bobini, kachimango kabowo pakati kokulungapo waya. Waya amayenera kugona moyandikana, osakwerana. Mzere ukadzaza umaika kapepala pamwamba, kenako n'kuyamba mzere wina. Mapepala athu anali a m'kati mwa matumba a simenti, amene tinkawakung'untha, kuwadula ndi lezala ndi kuwasunga m'katoni. Ukamaliza umabwezera zitsulo zija, kuzithinitsa ndi kahamala ka mtengo, kuviika chonsecho mu vanishi, ndi kuchiumitsa pambali pa mbaula. Pomaliza penipeni umayeza ndi mita.

Ndinadabwa kuona kuchuluka kwa zinthu zimene zimadalira waya wozengedwa. Dainamo ya njinga, koyilo ya galimoto, makina owotcherera zitsulo, mota ya chigayo, zonsezi mukazitsegula mupeza kopa ndi chitsulo. Chimene chinkandisangalatsa kwambiri ndi transifoma. Muli makoyilo awiri amene sakhudzana paliponse, koma magetsi akamasinthasintha mu koyilo yoyamba, yachiwiri nayo imakhala ndi magetsi. Ndinalemba m'kabuku kanga kuti ndikakhoza mayeso ndidzaphunzira za magetsi, ngakhale ndidzakhale mtsikana ndekha m'kalasimo.

Chovuta sichinali ntchito ayi, koma anthu. Kasitomala akalowa n'kundiona, ankafunsa a Gondwe motsitsa mawu, "Mwana wa njani uyu?" Akamva kuti ndine wa ku Dedza, mwana wa munthu wa boma, ankatulukira panja kukamalizira nkhani yawo. Ena ankabweza okha singano ya wailesi ali pakhomo pomwe.

Cha m'ma 10 koloko a Gondwe ankandituma tiyi ndi masikono kutsidya kwa msewu, ku tiyirumu ya Che Saidi, Myao wa ku Mangochi. Pa tebulo la pakona pankakonda kukhala abambo omweomwewo. Panali aphunzitsi a Chirwa, munthu wofatsa wa jekete lotuwa, ndi a Mkandawire ogulitsa matabwa, amene mawu awo ankamvekera kumsewu. Ndikangolowa nkhani inkaduka. A Mkandawire ankatsokomola n'kuyamba kudandaula za mvula. Che Saidi ankandithirira tiyi mwaulemu, koma maso awo ali pa manja anga. Zinkandiwawa, chifukwa ine ndinkafuna kusintha kumene iwo ankanong'onezanako, mwinanso kuposa iwowo.

Tiyirumuyo inali ndi kawindo kamodzi, ndipo nyengo yachisanu, nkhungu ikaphimba Mzuzu, munkada ngakhale masana. Ankadalira getsi lalitali lija la chubu. Tsiku lina getsilo linafa, ndipo a Gondwe anapeza kuti choki yapsa. Choki ndi kabokosi kolemera kokhala m'kati mwa chotengera cha getsi la chubu. M'kati mwake muli koyilo imodzi yozengedwa pa chitsulo. Sitata, kachipangizo kakang'ono ka pambali pa chubu, ikadula magetsi mwadzidzidzi, koyiloyo imaponya mphamvu yaikulu yoyatsa chubu, ndipo chubu chikayaka koyilo yomweyo imaletsa magetsi kuti asachuluke. Machoki atsopano anali atasowa m'masitolo chaka chimenecho, choncho a Gondwe anati tizenge yomweyo.

"Mizere 11, mzere uliwonse waya azungulire ka 100," anandiuza. "Che Saidi akuifuna mawa. Ine ndikupita ku Lupaso, mota ya chigayo yaima."

Atachoka ndinatsegula katoni ya mapepala a simenti, n'kupeza kuti denga linadontha ndipo onse anali chinyontho chokhachokha. Pepala lonyowa sungaliike mu koyilo. Ndinafufuza shopu yonse osapeza pepala lina. M'chikwama mwanga munali kabuku kanga kokha, ndipo kanali katadzaza mpaka tsamba lomaliza.

M'kabukumo munali masamba awiri amene ankandisowetsa mtendere. Ndinawalemba tsiku lina nditakwiya ndi za ku tiyirumu. Ndinayamba ndi za bambo, kuti m'mawa uliwonse asanapite ku ntchito amamvetsera wailesi yakunja khutu lili pa sipika, kuti ali ndi imodzi mwa makalata aja m'kati mwa pilo, ndi kuti anauza mayi kuti voti ikadzabwera adzasankha matipate. Kenako ndinadandaula za mmene anthu amandiopera, ndipo kumapeto ndinalemba zimene ndinaona pa tebulo la pakona. Nditalemba ndinachita mantha. Ndinkafuna kuwawotcha, koma kunyumba mayi akanafunsa, ndipo kuwataya m'dzenje ndinkaopa mphepo.

Apo ndinaganiza kuti ndapeza nzeru. Pali malo obisika kuposa m'kati mwa choki? Mapepala atsekeredwa ndi waya, aviikidwa mu vanishi, atsekeredwanso m'kabokosi kachitsulo kokhala kudenga. Ndinang'amba masamba awiri aja n'kuwadula mopingasa, timapepala 11, kalikonse kokhala ndi mizere itatu ya zolemba zanga. Ka pamwamba pa tsamba loyamba ndi kamene kanalowa m'kati mwenimweni, ndipo ka kumapeto kanakhala kunja. Ndinazenga bwino kwambiri. Mawa lake a Gondwe anayeza ndi mita, anagwedeza mutu movomereza, ndipo getsi la Che Saidi linayaka.

Patatha masabata awiri choki ija inayamba kung'ung'udza. Che Saidi anandiuza kuti wailesi yawo imathetheka getsi likayaka. Ndinati ndiwauza a Gondwe, koma ndinaopa kuti aitsegula, choncho sindinanene.

Sabata yotsatira, Lachiwiri m'mawa, amuna awiri a galimoto yopanda chizindikiro anakatenga aphunzitsi a Chirwa kusukulu ana akuona. Lachitatu ku tiyirumu kunalibe woseka. Lachinayi ndi tsiku limene sindidzaliiwala.

Kunali kamvula kowaza ndi chisanu. Ndinali pa benchi ndikupala waya, a Gondwe akusungunula phula pa mbaula. Chitseko chinatseguka mwamphamvu, ndipo analowa a Mkandawire atanyamula choki ija, chivindikiro chake chitakanulidwa ndi tchizulo. Pambuyo pawo panali Che Saidi ndi abambo ena atatu a pa tebulo lija. Womaliza kulowa anatseka chitseko n'kuchitsamira.

"Monire mose," anatero a Gondwe.

A Mkandawire anaponya choki pa benchi, zitsulo zonse n'kulira.

"A Gondwe, mwatiikira vichi kudenga?"

"Choki."

"Choki yolemba makalata? Chinthu ichi chakhala chikung'ung'udza pamutu pathu, wailesi ikuthetheka. Lero chayamba kununkha, tachitsitsa. Taonani chimene tapeza."

Anatambasula kapepala kofiirira ndi vanishi, kopserera m'mbali. Ndinakazindikira ndisanakawerenge. A Mkandawire anawerenga mokweza, liwu ndi liwu.

"'Aphunzitsi a Chirwa anabisa pepala m'jekete nditalowa. Che Saidi anati zinthu zisintha posachedwa.'" Ananditembenukira. "Dzanja ili n'la yani, mama?"

"Ndi langa."

"Mwamva? Sakukana! Tinanena ife kuti msungwana uyu anamutuma. Kamakina kakumva kali m'kati umu, mayina ali pamwamba. A Chirwa ali kuti lero?"

Ndinayang'ana kwa a Gondwe kuti andithandize. Nkhope yawo sindinaionepo chotero. Sanali okwiya chabe, ankandiyeza, ngati mmene anachitira tsiku loyamba lija.

"NyaPhiri, pepala ili lalowamo bwanji?"

"A simenti ananyowa, bambo. Ndinadula a m'kabuku kanga."

"Kabuku kolembamo anthu?" anatero a Mkandawire. "Umakapereka kwa adada ako madzulo, iwo n'kukapereka ku ofesi m'mawa?"

"Ayi! N'kanga ndekha. Palibe amawerenga."

"Tipite naye kwawo," anatero bambo wotsamira chitseko uja. "Akatiuze bwino pamaso pa abambo ake."

A Gondwe anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso.

"Mu shopu ino munthu sakokedwa. Mukuti muli kamakina kakumva. Chabwino, timasula pamaso panu mpaka pa bobini. Nanenso ndikufuna kuona. NyaPhiri, unazenga ndiwe. Masula."

Kamakina munalibe, zimenezo sindinkaopa. Koma ndinkadziwa ndondomeko imene timapepala tija tinalowera. Tinali titayamba kutuluka kuchokera kumapeto, ndipo pansi penipeni panali bambo anga, wailesi yawo ndi pilo wawo. M'chipindamo munali amuna asanu ndi mmodzi. Wina anakanena a Chirwa, ndipo sindinali ine. Ngati munthuyo anali mmodzi wa awa, bambo akanatengedwa ngati a Chirwa, ntchito n'kuthera pomwepo, nyumba ya boma ya ku Katoto n'kutilanda. Koma ndikanakana kumasula, onse akanati ndavomera.

Ndinagogoda zitsulo zija ndi kahamala mpaka zinatuluka, ndinamanga bobini pa drilo, n'kuyamba kukoka waya. Vanishi ankathetheka. A Gondwe anaima pambali panga akuyang'ana kowerengera.

Waya atazungulira ka 100 kanatuluka kapepala kachiwiri. A Mkandawire anakatsomphola.

"'A Mkandawire amatsokomola ndikalowa, n'kuyamba za mvula, ngakhale kunja kuli dzuwa.'"

Wina anaseka pang'ono n'kudzigwira pakamwa.

"Mukuseka? Dzina langa lili m'buku, inu mukuseka?"

Kachitatu ndi kachinayi tinali tonena za tiyi ndi masikono, ndi mmene Che Saidi amayang'anira manja anga. Che Saidi atamva dzina lawo kachiwiri anatambasula dzanja.

"A Mkandawire, tiyirumu ndi yanga, getsi ndi langa. Otsalawo ndiziwerenga ine."

"Muwerenge mokweza."

"Ndiwerenga."

Ndinapitiriza kukoka. Pa mzere wachisanu ndi chimodzi waya anali wakuda, atamatirirana, ndipo pepala linali litabooka. A Gondwe anaimitsa drilo, anayang'anitsitsa pamenepo n'kununkhiza.

Che Saidi ankawerenga pang'onopang'ono, ndi kalankhulidwe kawo ka ku Mangochi. "'Sindikudziwa chimene ndinawalakwira. Ndikanakonda atandifunsa maganizo anga.'" Kotsatira: "'Kubadwira ku Dedza sindinasankhe. Ndikakhoza mayeso ndidzakonza magetsi a anthu onse, a kuno ndi a kwathu.'"

"Zimenezo n'zophimbira," anatero a Mkandawire. "Kamakina kali pansi."

Panatsala timapepala titatu. Ndinakoka molakwika moti waya anaduka. A Gondwe anatola nsonga yake ndi pulayazi n'kundipatsa. Ndinkafuna kuwanong'oneza kuti aimitse, koma a Mkandawire anali ataweramira pa benchi, mpweya wawo ukundifika pakhosi.

Kachisanu ndi chinayi kanatuluka. Che Saidi anawerenga: "'Akanadziwa zimene zimachitika kwathu, bwenzi atasiya kundiopa.'"

"Ehe!" anatero a Mkandawire. "Kwawo kumachitika vichi?"

Kakhumi kanamatirira pa waya, ndipo Che Saidi anakachotsa okha ndi chikhadabo. Anakabweretsa pafupi ndi maso. Milomo yawo inkayenda koma mawu sanatuluke. Anakapinda n'kukafumbata.

"Malizitsa, mwanangu," anatero.

Ndinakoka mzere wotsatira. Komaliza nako anakatenga okha, anawerenga chamumtima, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine misozi inali itayamba kale. Ndinakoka waya wotsala mpaka bobini inatsala yokha. A Gondwe anaichotsa pa drilo, anasuzumira pa bowo lake, n'kuipereka kwa bambo wa pachitseko uja kuti nayenso asuzumire.

"Kopa, chitsulo na pepala," anatero. "Kamakina kakumva kamafuna maikolofoni, batire ndi matransisita. Mwaona chilichonse?"

"Nanga awiri omalizawo?" anafunsa a Mkandawire. "Che Saidi, munati muwerenga mokweza."

Che Saidi anapita pa mbaula, anasuntha chitini cha phula, n'kuponya timapepala tiwiri tija pa makala. Chifukwa cha vanishi tinayaka nthawi yomweyo.

"Mwawotcheranji?"

"Ndi za atsikana. Ine ndili ndi ana aakazi atatu, zoterozo siziwerengedwa pagulu la amuna."

"Yayi, tikanaona tonse! Munalembedwa vichi?"

"A Mkandawire," anatero Che Saidi modekha, "mwaona kuti kamakina mulibe. Mwamva kuti mwanayu amangodandaula. Tsono mawu otsalawo mukuwafunitsitsa chonchi kuti mukawapereke kwa yani?"

A Mkandawire anayang'ana anzawo aja, ndipo anzawowo anayang'ana pansi. Kenako aliyense anayamba kuba maso kuyang'ana mnzake. Bambo wa pachitseko uja ndiye anayamba kutuluka, osatsanzika. Enawo anatsatira mmodzimmodzi, ndipo pamsewu aliyense analowera kwake.

Sindikunena kuti a Mkandawire ndiwo ankanena anzawo. Mwina anali munthu wamantha amene ankakonda mnzake. Mpaka lero sindidziwa amene anakanena a Chirwa. Aphunzitsiwo anabwerako patatha masabata atatu, ataonda, ndipo pa tebulo la pakona sanakhalenso.

Titatsala awiri, a Gondwe sanandikalipire za mayina. Anang'amba kakatoni, anatenga pensulo yanga, n'kudetsa mzere wonenepa pakatonipo. Anaika nsonga ziwiri za mita uku ndi uku kwa mzerewo. Singano ya mita inasuntha.

"Waona? Pensulo imadutsitsa magetsi. Pepala timaliika kuti mizere isakhudzane, iwe unaika pepala lokhala ndi njira. Ndiponso la m'kope ndi lopyapyala, likatentha limapserera. Mzere wachisanu ndi chimodzi unagwirana ndi unzake, choki inatentha, vanishi anafewa, zitsulo zinayamba kung'ung'udza. Che Saidi anakuuza kuti ikulira?"

"Anandiuza."

"Unandiuza?"

"Ayi, bambo."

"Denga la Che Saidi ndi la mapepala. Ikanayaka moto, bwenzi tikukamba zina." Anachotsa nsonga za mita pakatoni paja. "Za m'timapepala tomalizato sindikufunsa. Wailesi ya adada ako ndinaiona ndekha. Tenga thumba la simenti ilo, uumitse pa mbaula, uzengenso. Mizere 11."

Ndinazenga tsiku lomwelo, maso ali otupa. Nditafika kunyumba ndinawauza bambo zonse. Anamvetsera osandidula, kenako analowa kuchipinda, anatulutsa kalata ija mu pilo n'kukaiika pamoto. Anangofunsa funso limodzi.

"Che Saidi amenewa ndi munthu wotani?"

"Sindikudziwa, bambo."

Ndipo zoona sindinkadziwa. Munthu amene ankayang'ana manja anga tsiku lililonse anali atasunga moyo wa bambo anga m'mutu mwake. Mwina anawotcha timapepalato chifukwa cha chifundo. Mwinanso anali atawerenga kale zimene ankafuna, ndipo pepala silinali lofunikanso. Kwa masabata angapo galimoto ikaima pafupi ndi nyumba yathu, mayi ankasiya chimene akuchita. Ku tiyirumu ndinkapitabe, chifukwa a Gondwe anati kusiya kupita n'kumene kungaoneke moipa. Getsi linkayaka mwakachetechete. Abambo otsalawo ankadulabe nkhani ndikalowa, koma tsopano ankaidulanso wina aliyense akalowa.

Patapita pafupifupi mwezi, Che Saidi anabwera ku shopu atanyamula wailesi yawo m'thumba la shuga. A Gondwe anatambasula manja kuti alandire, koma Che Saidi anawadutsa n'kudzaiika pa benchi langa.

"Mwanangu, iyi yayamba kutsika mawu. Undionere ndiwe."

Ndinaitulutsa m'thumbamo. Singano inali kumapeto, pamalo omwe aja ndinkaipeza pa wailesi ya bambo. Che Saidi ankadziwa bwino lamulo la shopu yathu, ndipo akanatha kuibweza okha ali panjira ngati mmene ankachitira ena. Anaima pomwepo mpaka anatsimikiza kuti ndaona.

"Bambo ali bwanji kunyumba?" anafunsa.

"Ali bwino."

"Uwapatse moni."

Vuto linali laling'ono. Koyilo ya pa kandodo kakuda inali itasuntha chifukwa phula lake linasweka. Ndinaikankha pang'onopang'ono mpaka mawu anakwera, ndinadonthezapo phula latsopano, n'kutseka kumbuyo.

Ndalemba izi tsopano voti itadutsa, nditapempha chilolezo kwa bambo ndi kwa Che Saidi. Mayeso ndinakhoza, ndipo ndikuyembekezera malo ku sukulu ya zamagetsi. Kwa amene akufuna kuphunzira ntchitoyi ndinganene zimene ndinatengapo. Mu koyilo mumalowa pepala louma, lolimba, losalembedwa kanthu. Chinthu chimene wakonza chikayamba kulira, nena tsiku lomwelo. Ndipo chimene wabisa m'chinthu cha mwini, tsiku lina mwiniyo adzachitsegula.

Kabuku ndimasungabe. Koma pa tsiku limene Che Saidi anabweretsa wailesi yawo pali mzere umodzi wokha: "Lero ndakonza wailesi imodzi, ndabweza singano."